Mkuyu m'Dengu la Telala

“Iwe, pakamwa pakopo ukatseka, umamva chiyani?”

Anandifunsa choncho azakhali anga tsiku lina akundiyeza siketi, mapini ali kukamwa, tepi ili m'khosi. Ndinali nditangomaliza sukulu, zotsatira za mayeso zisanatuluke, ndipo ndinali nditalankhula kuyambira pakhomo mpaka pagalasi: zoti ndidzagwira ntchito pa wailesi, zoti dzina langa lidzamveka, zoti tauni ino yandichepera. Funso lija linandidula pakati. Ndinatsekadi pakamwa, koma chimene ndinamva ndi mawu anga omwe akulirabe m'mutu. Azakhali anangoti, “Tembenuka,” n'kupitiriza kubaya mapini.

Funsolo silinandichoke. N'chifukwa chake ndinayamba kufunsafunsa za mayi amene anandifunsayo, kwa iwo eni ndi kwa anthu a mumsewu wathu, chifukwa zambiri zinachitika ine ndili kusukulu yogonera. Zimene ndatolera ndi izi.

Azakhali ndi telala. Shopu yawo ndi kachipinda kopanikizika pakati pa wometa tsitsi ndi wogulitsa mapaipi, moti kasitomala wonenepa akalowa, wina amayenera kutuluka. Muli makina osokera opalasa ndi phazi, galasi lothothoka m'mbali, ndi mulu wa mathalauza odikira zipi. Anayamba kusoka ali mtsikana, ndipo mpaka lero akakhala pampando uliwonse, ngakhale m'basi, phazi lamanja limapalasa lokha. Si munthu wa nkhani zambiri. Mumsewu wathu amawatcha a Makutu, ndipo dzinalo linabwera chonchi.

Mwana wawo wamwamuna amajambula mavidiyo a maukwati. Tsiku lina anasiya m'shopumo kamakina kojambulira mawu, kakang'ono ngati sopo, galasi lake litang'aluka, nati, “Amayi, aka katha ntchito, mukataye.” Anasiyanso mahedifoni osupuka. Koma azakhali sataya chinthu, ngakhale batani losweka. Masana ntchito itachepa anavala mahedifoni aja mongocheza, anadina apa ndi apo, kenaka anakaima pakhomo.

Akuti zinali ngati wina wawatsuka m'makutu ndi madzi ofunda. Msewu umene anakhalamo zaka zonsezi unawalankhula koyamba. Anamva tcheni cha njinga chikudandaula mafuta. Anamva sizasi ya wometa uja ikuti tse tse tse kuseri kwa khoma, njiwa ikuyenda padenga zikhadabo zake zikukanda malata, mpaka pepala la switi likukwawa lokha mumsewu. Diresi la mkwatibwi limene linali pa makina linagona pomwepo mpaka mawa lake.

Kuyambira pamenepo, m'mawa asanatsegule shopu ndiponso Lamulungu masana, azakhali ankazungulira tauni ndi kamakina kawo. Mdani wawo woyamba anali mphepo. Kamphepo kamene pankhope sungakamve n'komwe, m'mahedifoni kamalira ngati lole ikugubuduzika paphiri. Mwana wawo anati akatswiri amaveka maikolofoni chipewa chaubweya chochokera kunja. Azakhali anamuyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

“Chipewa? Ukuuza telala za chipewa?”

Anapita pa kaunjika, anapeza jekete lakale la kolala yaubweya, anadula kolalayo n'kusoka kachipewa ka lasitiki m'munsi, kolowa gwa. Mphepo inagonja. Koma chinthucho chitavala chipewa chinkaoneka ngati khoswe wonenepa, ndipo dzinalo linamatirira.

“A Makutu, khoswe wanuyo lero wadya?” ankafuula wowotcherera zitsulo wa kumapeto kwa msewu.

“Wadya. Akungodikira inu mutseke pakamwa kuti agone.”

Mdani wachiwiri linali thupi lawo lomwe. Mimba ikalira, khoswe ankamva. Bondo likathetheka, ankamva. Bulauzi ya nayiloni inkalira ngati moto wa udzu. Anavula zibangili, anadzisokera diresi lathonje lopanda mabatani, ndipo anaphunzira kuima duu ngati pholo lamagetsi, kupuma ndi pakamwa pang'onopang'ono. Anadziikira lamulo limodzi: wojambula samveka. M'zonse zimene anajambula, mawu awo munalibe.

Nanga ankajambula chiyani? Musaseke. Mvula pa malata akale ndi mvula pa malata atsopano, zomwe akuti n'zosiyana ngati bambo ndi mwana wake. Achule a m'ngalande ya kuseri kwa msika. Mawaya amagetsi akuimba dzuwa likuswa mtengo. Mpira ukugunda khoma la sukulu. Palibe amene ankawapempha, palibenso amene ankamvetsera, kupatula iwo okha akamasita madzulo. Bambo anga, omwe ndi mlongo wawo, ankapukusa mutu n'kumati, “Anzako akujambula makwaya, iwe uli kalikiliki ndi achule.”

Padziko pano pali munthu mmodzi yekha amene azakhali amamuopa: achemwali awo aakulu. Makolo atamwalira, ndi achemwaliwo amene anawalera, m'kanyumba ka kumapeto kwa msewu wathu, pansi pa mkuyu waukulu. Pansi pa mkuyupo panali mpopi wa anthu onse, ndi geti lachitsulo lolowera kumpanda wa nyumba zingapo. Kanyumba kaja lero ndi shedi ya wowotcherera uja. Achemwali anachapa zovala za anthu pa mpopi umenewo mpaka manja anachita mamba. Tsopano shuga anawalanda maso, miyendo inatupa, ndipo amakhala kwa mwana wawo wamkazi kutsidya kwa tauni, m'nyumba yosanjikizana, chipinda cham'mwamba. Masitepe sangatsike. Zenera lawo limayang'ana khoma la nyumba ina. Koma lilime, abale, shuga sanalikhudze.

Tsiku lina kunabwera anthu a zipewa zolimba, anayeza msewu ndi zingwe, n'kupaka mtanda wofiira pa thunthu la mkuyu. Lamulungu lake azakhali anakwera masitepe aja ndi nkhaniyo.

“Achemwali, mkuyu uja aulemba. Akukuza msewu. Akuti audula Loweruka m'mawa.”

Achemwali anatembenuzira nkhope kumene kunachokera mawu.

“Si iwe umayenda ndi khoswe mumsewu, kuchititsa banja manyazi?”

“Ndine, achemwali.”

“Ndiye undibweretsere mtengo wanga. Kuuona sindingauone, kupitako sindingapiteko. Undibweretsere m'makutu muno asanaugwetse. Ukalephera, khosweyo ukamuponye m'ngalande mwa achule akowo.”

Azakhali anatsika masitepe aja. Moyo wawo wonse achemwali anali owapatsa ndi owakalipira. Kupempha, aka kanali koyamba.

M'mawa mwake anakaima pansi pa mkuyu, mahedifoni m'makutu. M'mwamba munali chisangalalo: atchete akulongolola pa zisa zawo, apumbwa akukanganirana nkhuyu, njiwa ikubwereza nyimbo yake imodzimodziyo. Koma pansi panali chisokonezo. Madzi akuwomba m'ndowa, amayi akufuulirana pamzere, geti likulira munthu aliyense akadutsa, wowotcherera akudula chitsulo. Mbalame zinkamira. Azakhali anaganiza ngati telala: chinthu chopita kwa achemwali chiyenera kupita chochapa, chosita, chopanda ulusi wolendewera.

Ndiye anayenda khomo ndi khomo, munthu wosakonda kulankhulayo, kupempha msewu wonse kuti mawa m'mawa ukhale chete kwa kanthawi. Atamva kuti ndi za mayi ochapa aja, palibe anakana.

“Chifukwa cha mayi amene aja ndizimitsa,” anatero wowotcherera. “Anandipotokolapo khutu ndili mwana nditaponda bulangete lawo. Mpaka lero khutu ili limamva bwino kuposa linzake.”

Azakhali anamanga geti ndi chidutswa cha nsalu kuti lisasunthe, anakulunga mpopi ndi sanza kuti usadonthe. Kutacha, zimene zinachitika anthu amazikambabe. Msewu wathu, umene sutonthola ngakhale pamaliro, unati zii. Amayi anaima ndowa zili m'chiuno. Wina anatseka mwana pakamwa ndi bere. Wometa anatuluka sizasi ili m'manja, kasitomala wake atametedwa mbali imodzi. Mbalame zinaimba ngati zachita kuitanidwa. Azakhali anaima duu, khoswe m'mwamba, misozi ikulengeza chifukwa cha kukoma kwa zimene ankamva. Patapita nthawi anatsitsa mkono, anthu onse n'kuwomba m'manja.

“Tatimvetseni!” anatero wowotcherera.

Azakhali anazula mahedifoni kuti onse amve, n'kudina batani loseweretsa. Mumsewu monse munamveka achule.

Kamakina kaja kali ndi khalidwe lake. Ukadina batani lojambulira kamodzi, kagetsi kofiira kamaphethira: ndiye kuti kakungomvetsera, zonse ukuzimva m'mahedifoni koma sikakusunga kanthu. Ukadinanso kachiwiri, kagetsiko kamayaka osaphethira, ndipo ndi pamene kayamba ntchito. Azakhali ankadziwa zimenezi ngati dzina lawo. Koma maso a msewu wonse ali pa iwo, chala chinadina kamodzi, ndipo mphepete mwa chipewa chaubweya munaphimba kagetsiko. Chomaliza chimene chinali m'kamakinamo anali achule a sabata yatha.

“Atchete a masiku ano!” anakuwa mayi wogulitsa tomato, amene mawu ake amafika msewu wachitatu. “Ayamba kulira ngati achule!”

Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Azakhali analakalaka nthaka itang'ambika. Masana onse anasoka mkono wa malaya chozondoka, kuphwasula, kusokanso chozondoka.

Komabe madzulo anayendanso khomo ndi khomo, nkhope ili pansi. Ena ananyinyirika. Azakhali analonjeza kuti thalauza lililonse lofa zipi mumsewumo aliika zipi, siketi iliyonse yomasuka aipinda. Anaboola kazenera pachipewa cha khoswe kuti kagetsi kazioneka. Ulendo wachiwiriwu anadina kawiri, anayang'anitsitsa kagetsi kali ndii, ndipo msewu unatontholanso. Zimene anajambula zinali zoyera ngati nsalu yatsopano. Mbalame zokhazokha, tsamba lililonse likumveka.

Lachisanu anakwera masitepe aja mtima uli m'malo. Anawaveka achemwali mahedifoni mosamala, kuwakonzera duku, n'kudina. Achemwali anamvetsera nkhope itakwinyika ngati akulawa mankhwala. Asanafike n'komwe pakati anavula.

“Mtengo wa ndani umenewu?”

“Wanu, achemwali. Mkuyu uja.”

“Bodza. Uku ndi kumanda. Mbalame zokhazokha, anthu anafa onse? Mpopi uli kuti? Geti lija lolira ngati mbuzi yomangidwa lili kuti? Ndowa zili kuti?”

“Ndinachotsa phokoso kuti mbalame zimveke bwi...”

“Ndinakutuma mbalame ine? Pansi pa mtengo umene uja sindinakhalepo ndekha ndi mbalame ngakhale tsiku limodzi. Nthawi yomvetsera mbalame ndikanaitenga kuti, mabulangete a anthu ali mulu, iwe uli pambali mamina ali chuchuchu? Wachapa nsalu mpaka maluwa ake achoka, mwana iwe. Tenga zakozi.”

Azakhali anatuluka osatsanzika. Anakakwera basi. Sabata yonse ya manyazi, mulu wa mathalauza a anthu ukuwadikira, malipiro ake n'kukhala amenewa! Koma basi itaima pamphambano, anamva kondakitala akukangana ndi munthu wa katundu, ndipo anazindikira kuti akatseka maso n'kukumbukira ubwana wawo, mbalame sizibwera poyamba. Chimabwera ndi madzi akugwera m'ndowa yopanda kanthu, kulira kwake kukukwera pamene ndowa ikudzaza, ndi mawu a achemwali pamwamba pa zonse. Achemwali sananame. Ndipo mawa linali Loweruka.

Analawirira. Anamasula nsalu ija pa geti, anachotsa sanza pa mpopi. Mzere wa ndowa unali utayamba kale, phokoso lili bwinobwino, lenileni lija. Anavala mahedifoni, anadina kawiri, anakweza khoswe.

“Shhh! A Makutu ayamba!”

Msewu wonse unati zii. Wina anatseka mpopi. Wowotcherera anazimitsa makina ake. Ana anayamba kutontholetsana ndi zala pamilomo, munthu wa njinga ananyamula njinga yake paphewa kuti tcheni chisalire. Azakhali anali atauphunzitsa msewu wawo bwino kwambiri.

“Ayi, abale, lero ayi! Lero sokoserani! Chitani zimene mumachita masiku onse!”

Anthu anayang'anana. Kenaka anayamba kusokosera mofuna kuthandiza, ndipo zinaipiratu. Amayi anayamba kuimba ndowa ngati ng'oma. Wowotcherera anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi ndi besi. Mnyamata wina anagwira geti n'kumalikankha uku ndi uku osalekeza. Mayi wa tomato anasendera pafupi ndi khoswe, nakonza kukhosi, nati ndi mawu a pa wailesi, “Mwadzuka bwanji nonse, ife kuno tikutunga madzi mwamtendere.” Mbalame zinadabwa n'kuthawira kunsonga.

Nthawi yomweyo lole inaima. Anatsika amuna a zipewa zolimba ndi zingwe, makwerero, ndi sowo ya injini yodulira mitengo. Kapitawo wawo anayang'ana chisokonezocho, nayang'ana mayi wa khoswe m'manja.

“Mayi, kaya ndi mapemphero kaya n'chiyani, malizani. Tikangomwa tiyi tiyamba.”

Azakhali anayang'ana fulasiki ya tiyi ikutsegulidwa. Akauza anthu kuti atonthole, atonthola. Akawauza kuti asokosere, achita sewero. Bola ngati khoswe akuoneka, msewu sukhala msewu.

Anavula mahedifoni pang'onopang'ono, anazula waya wake, napukusa mutu kuti aliyense aone.

“Mabatire atha,” anatero mokweza. “Basi, zakanika. Pepani nonse, pitirizani zanu.”

Anawerama pa dengu lawo la zidutswa za nsalu limene linali pa muzu waukulu wa mkuyu, pakati pa mpopi ndi geti. Anaika khoswe m'menemo mutu uli m'mwamba, kagetsi kali ndii osaphethira, namufunditsa kansalu kopyapyala ka neti. Aka kanali koyamba kujambula osamva chimene akujambula.

Anthu anati, “Ooh, pepani a Makutu,” n'kubwerera pamzere. Koma anabwerera mwachisoni, akunong'onezana, kutsegula mpopi pang'onopang'ono ngati pali wodwala. Makapu a tiyi anali atafika pakati. Pankafunika moto, ndipo woyatsa panalibe.

Azakhali anatola ndowa yachitsulo ya wowotcherera. Anadutsa mzere wonse, mutu uli m'mwamba. Atafika kutsogolo anakankha ndi phazi ndowa ya mayi wa tomato, naika yawo pansi pa mpopi, natsegula madzi mpaka kumapeto.

“A Makutu. Mzerewu simukuuona?”

“Ndikuuona. Ndachedwa kushopu.”

“Mwachedwa kushopu! Ife tilibe kochedwa? Ife ndi mitengo yomera pano?”

“Tomato sathawa, mayi.”

“Tamverani! Tamverani anthu inu! Sabata yonse takhala tikumuimira ngati zitsiru, ana athu kuwatseka pakamwa, lero akutiponda! Zipi ya amuna anga ija ili kuti? Akuyenda atagwira thalauza ndi dzanja!”

“Zipi imafuna thalauza, mayi. Lija ndi sefa.”

Pamenepo mzere wonse unaphulika. Wina anakokera ndowa uku, wina uko, madzi akuwomba chitsulo, kulira kwake kukukwera. Mwana anayamba kulira kumsana. Wowotcherera anaseka chikhakhali, nati, “Izi ndiye za akazi, ine ndilibemo,” n'kukayatsa makina ake. Wa njinga anakankha geti, geti linalira ngati mbuzi yomangidwa. Ndipo mbalame, zitamva kuti dziko labwerera mwakale, zinatsika kunsonga kuja n'kuyamba kulongolola pamwamba pa zonsezo, atchete, apumbwa, ndi njiwa ija ndi nyimbo yake imodzimodziyo.

Azakhali, munthu amene anthu ena sanamvepo mawu ake okweza, anapezeka akukalipa ndi mtima wonse. Manyazi a achule, ukali wa achemwali, mikono ya malaya yozondoka, zonse zinatulukira pamenepo. Akuti mpaka anaiwala chimene anayambira mkanganowo. Anakumbuka ataona m'mbali mwa diso munthu wa sowo akuiponda ndi phazi, dzanja likugwira chingwe cholizira. Anasiya ndowa, anathamanga ngati mtsikana, anapisa dzanja m'dengu n'kudina batani loimitsa. Chala chisanachoke pabatani, sowo inabangula.

Sanatembenuke kuti aone. Ananyamula dengu, anadutsa shopu yawo osatsegula, nakakwera basi. Mahedifoni anali m'chikwama, koma sanayerekeze kumvetsera. Zikanakhala kuti neti ija inkakhuza maikolofoni, kapena madzi anamiza zonse, akanakajambulanso chiyani? Mtengo unali ukugwa kumbuyo kwawo. Anangolikumbatira dengulo pamiyendo, phazi likupalasa.

“Wabweranso,” anatero achemwali atamva mapazi. “Wanditengera manda ena?”

Azakhali anawaveka mahedifoni, anadina, nakhala pamphepete pa bedi akuyang'ana nkhope yawo, chifukwa nkhopeyo ndiyo inali yoti iwauze ngati m'kamakinamo muli kanthu.

Poyamba panalibe chosintha. Kenaka nsidze zinakwera. Manja aja a mamba, amene anali chigonere pa bulangete, anayamba kuyenda okha, kufinya nsalu, kupukusa, ngati akuchapa.

“Ndowa yachitsulo,” anatero mokweza, monga amachitira munthu wovala mahedifoni. “Ya pulasitiki silira choncho. Eya, ikudzaza. Tseka madziwo, akutayika! Geti! Mpaka lero palibe walithira mafuta? Anthu aulesi. Apumbwa awo, akuba nkhuyu, ankandidetsera mashiti a anthu ndikayanika.”

Anaima. Anapendeketsa mutu. Kenaka anayamba kuseka, kuseka kochokera pansi pamimba, mpaka bedi linagwedezeka, mpaka mwana wawo wamkazi uja anathamanga kuchokera kukhitchini supuni ili m'manja, poti kuseka kumeneko anali asanakumve chisamukire m'nyumbamo.

“Ameneyo ndiwe! Ndiwe ameneyo! Kulowerera mzere! Unayamba usanamere mano akutsogolo, ndi kachitini kako, ine n'kumapepesa kwa anthu tsiku ndi tsiku. Ati lija ndi sefa! Mwana wopanda ulemu iwe!”

Misozi inkatsika m'maso osaonawo, koma kuseka sikunaleke. Azakhali nawo anali akulira, akuseka, akupukuta mphuno ndi chidutswa cha nsalu ya diresi la munthu. Lamulo lawo lija, loti wojambula samveka, linali litasweka, ndipo posweka pakepo ndi pamene achemwali anapakonda kuposa ponse.

Mawu atatha mwadzidzidzi, achemwali anafunsa:

“Zathera pomwepa?”

“Pomwepo, achemwali.”

“Sowo sindinaimve.”

“Mulibe.”

Achemwali anafufuza ndi dzanja mpaka anapeza bondo la mng'ono wawo, nalimenya kawiri.

“Ndiye kwa ine sanaudule. Mtengo wanga ndi umenewu. Bwezera poyamba.”

Mahedifoni aja sanabwererenso kushopu. Achemwali anakana nawo, moti mwana wa azakhali anachita kuwapezera amayi ake mahedifoni ena, n'kukopera mkuyu uja m'foni yakale kuti uzikhala pansi pa pilo ya achemwali. Lolemba azakhali anakaulula pamzere kuti mabatire sanathe. Mayi wa tomato anakwiya mpaka masana, kenaka anafika kushopu manja ali m'chiuno, nati, “Tandimvetseni, ndione ngati munandijambula bwino.” Atamvetsera anati, “Kani mawu anga ndi okoma chonchi?”

Lero pamene panali mkuyu pali phula, mpopi anausunthira kuseri, geti analigulitsa kwa ogula zitsulo. Koma anthu a mumsewu wathu akaufuna mtengo wawo amadziwa kumene uli. Amakwera basi Lamulungu masana, amakwera masitepe aja, n'kukakhala pamzere m'chipinda cham'mwamba kudikira mahedifoni. Achemwali amawalandira onse ndi chipongwe, amafunsa za aliyense, amadzudzula amene sanakwatire ndi amene anakwatira molakwika. Chipinda chimene chinkayang'ana khoma chija tsopano chimasowa pokhala. Wowotcherera anapita ndi khutu lake lija, achemwali analipotokolanso. Bambo anga za achule anasiya. Tsiku lina ndinawamva akuuza mnzawo kuti, “Mlongo wanga ndi wojambula mawu,” ngati kuti anayambitsa ndi iwo.

Azakhali sanasinthe. Zipi zonse anaika. M'mawa amazungulirabe ndi khoswe wawo, kungoti masiku ano akaona anthu ayamba kutonthola amangomubisa m'dengu n'kufunsa mtengo wa tomato.

Siketi ija nditapita kukaitenga, ndinakhala pasitepe ya shopu n'kuyesa kutseka pakamwa kachiwiri. Zinandivuta, sindinama. Koma patapita kanthawi ndinamva kutali chitsulo chikulira, limu yakale ya galimoto imene amaimenya kusukulu yanga ya pulayimale nthawi yopuma, ndi ana akutuluka ngati madzi otsegulidwa. Ndamva kuti akufuna kuichotsa aike belu lamagetsi.

Ndinapempha azakhali ubweya wotsala wa kolala ija kuti andisokere kachipewa ka foni yanga. Anandiponyera ubweyawo pamodzi ndi singano, nati, “Manja uli nawo.” Ndasoka, ngakhale kakuoneka ngati khoswe wogundidwa ndi njinga. Ndiye ndaganiza chonchi: Lolemba ndikaima kunja kwa mpanda wa sukulu nthawi yopuma isanakwane, foni ndikaibisa m'chikwama, ndipo sindikauza munthu kuti atonthole kapena asokosere. Ndikayang'anitsitsa kuti yayambadi kujambula. Pakamwa ndikatseka mpaka mwana womaliza atalowa m'kalasi. Kenaka, kumapeto kwenikweni, ndikatchula dzina langa kamodzi, momveka bwino, chifukwa ine si azakhali.